Bedi Lofunda

Bedi linali lofunda. Ichi ndicho chimene Sakhalitsa anayamba kudabwa nacho atangokhala pansi kuti avule nsapato, usiku wake woyamba mumzinda wachilendo uja. Sikunali kufunda kwa dzuwa ayi, chifukwa zenera la chipindacho linayang'ana kanjira kopanikiza kumene dzuwa silinkafikako, ndipo kunja kunali mphepo yolowa m'mafupa. Kunali kufunda kwa thupi la munthu, konga kumene umakupeza pampando wa basi mnzako akangotsika kumene. Anasisita matiresi ndi chikhatho kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Pakati panali polowa pang'ono, ngati pamene pamagona munthu chammbali atapinda mawondo.

Sakhalitsa anali wosoka nsapato wa zaka makumi asanu ndi ziwiri. Dzinali anamupatsa ndi malemu mayi ake akadali kamwana, poona kuti akamukhazika pakhonde amakamupeza kumsewu, ndipo linamumatirira mpaka imvi. Ntchito yake palibe anamuphunzitsa; anaidziwa pophwasula nsapato zotayidwa n'kumaona mmene ena anazisokera. Chimwalirire mkazi wake, akangopeza kangachepe ankatseka kashopu kake n'kukwera basi. Mzinda uwu anauona koyamba pa kalendala yakale mometera tsitsi, uli ndi milatho yodutsana m'mwamba, ndipo anausungira ndalama zaka ziwiri. Zinangokwanira tikiti yopita ndi kubwerera, pogona, ndi buledi ndi tiyi wa sabata imodzi. Basi yobwerera inali ya Loweruka m'mawa, ulendo wa masiku atatu, ndipo tikitiyo inali yosasinthika tsiku.

Chipindacho anamupezera ndi mayi wina wa geni amene anakhala naye mpando umodzi m'basi, munthu wakwawo, wogulitsa zovala pamsika wa pafupi ndi siteshoni ya sitima. Mayiwo ankachidziwa chilankhulo cha kumeneko mophotchola, koma chokwanira kunenerera mtengo. Anakambirana nthawi yaitali ndi mwininyumba, mayi wojintcha wonyamula makiyi ambirimbiri m'chiuno, kenako anatembenukira kwa Sakhalitsa.

"Bambo, muli ndi mwayi wa nzama. Akuti theka la mtengo. Koma lamulo ndi ili: sikisi koloko m'mawa mwatuluka ndi chikwama chanu, kubwera seveni madzulo. Masana amatseka."

"Amatsekeranji?"

"Aaa, inu mwabwera kudzaona mzinda kapena kudzagona? Landirani kiyi."

Analandira osafunsanso. Chipinda chinali pamwamba penipeni, masitepe makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Munali bedi, mpando umodzi, kapu yachitsulo pazenera, ndi bokosi lachitsulo lokhoma pansi pa bedi limene mwininyumba analiloza n'kugwedeza chala kuti lisakhudzidwe.

Aliyense amene anayendapo ali ndi malo ake obisira mapepala. Ena m'sokosi, ena m'kabudula wamkati. Sakhalitsa anali ndi njira yake imene sinamugwiritsepo mwala. Anatulutsa mpeni wake wodulira zikopa, natumbula msoko wa matiresi chakumiyendo, nalowetsamo pasipoti, tikiti ili m'kati mwake, kenako nasoka bwinobwino ndi ulusi wakuda wa nsapato. M'thumba anangotsala ndi fotokope. Wakuba wa mumsewu angapisenso m'matiresi?

Anazima getsi. Mdima wa m'chipindamo unali wokhuthala, wa bii, ndipo phokoso la mzinda linkamveka kutali ngati mvula imene ikugwa kutsidya. Tulo titangoyamba kumutenga, anamva munthu akukhosomola. Chinali chifuwa chouma, chotopa: kawiri motsatizana, kenako zii, kenako kamodzi. Chinamveka pafupi, chakumutu kwa bedi. Anati ndi wa chipinda china, nakoka bulangete.

M'mawa mwininyumba anagogoda sikisi isanakwane n'komwe, naima pakhomo mpaka Sakhalitsa anatuluka. Potsika anayang'ana kumbuyo kuti aone chitseko cha mnzake wa chifuwa uja. Panalibe chitseko china. Chipinda chake chinali chothera, ndipo kuseri kwa khoma la kumutu kwa bedi kunali kunja.

Tsiku limenelo anayenda mpaka mapazi kutentha. Basi za mumzinda sanakwere, sitima anangoiona ikulowa pansi pa nthaka ngati njoka, iye ataima pamwamba kukamwa kuli yasa. Kuti asasochere anasankha nsanja ina yokhala ndi wotchi yaikulu, n'kumaiyang'ana akakhota paliponse. Madzi ankamwa pa mpopi wa m'paki. Anapeza masitepe oyenda okha m'sitolo yaikulu, ndipo poona kuti ndi aulere anakwera ndi kutsika kasanu ndi kawiri, mpaka mlonda anayamba kumuyang'ana moipa. Anaima nthawi yaitali pagalasi la sitolo ya nsapato, akupukusa mutu poona kuti nsapato zodula chotero n'zomata ndi guluu basi, zopanda msoko ndi umodzi womwe. Chimene chinamuwawa si njala koma kusapatsidwa moni. Tsiku lonse lathunthu palibe anamufunsa kuti wadzuka bwanji, ndipo anakumbuka mkazi wake, amene ankapatsa moni ngakhale munthu amene wakangana naye dzulo.

Madzulo anapeza bedi lili lofundanso. Atayatsa getsi anaona china: pansi panali mapazi oyera. Anali madindo a nsapato, otuwa ngati wina waponda phulusa, ochokera pakhomo kukafika pabedi. Obwerera kukhomo kunalibe. Anagwada nawayang'anitsitsa ndi maso a ntchito yake. Mwini wake anali wamwamuna, wolemera thupi pang'ono, wodya chidendene cha kumanzere chakunja, munthu woima nthawi yaitali pamalo amodzi. Pamtsamiro panalinso fumbi loyera lomwelo, lozungulira ngati mutu.

Pambali pa bokosi lija panali nsapato zakale zimene dzulo lake sanazione. Yakumanzere inali itayasama kutsogolo. Anadziuza kuti ndi za munthu amene ankakhalamo kale, mwina mwininyumba wazitulukira posesa. Koma tulo sitinabwere. Chifuwa chija chinamvekanso, kawiri, zii, kamodzi. Anadzuka nayatsa getsi, ndipo posowa chochita ndi manja, anatenga nsapato yoyasama ija n'kuisoka. Mmisiri akaona chong'ambika manja amamuyabwa. Anaibwezera pamalo pake kunja kuli pafupi kucha.

Lachiwiri masana anapita kumsika. Mayi wa geni uja anamugawira tiyi wa m'fulasiki, iye nafotokoza zonse mosekaseka kuti asaoneke wamantha. Mayiwo sanaseke. Anasiya kupinda malaya, nayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Mwati chipinda chothera, cha pamwamba?"

"Chomwecho."

"Ambuye! Ine ndimayesa akupatsani cha pansi. Bambo, zimene ndikuuzenizi n'zakumva, musati ndanena ndine. Amati m'chipinda chimenecho munafera munthu chaka chatha, nthawi yozizira. Wakwathu ndithu. Chifuwa. Anamupeza patapita masiku awiri."

"Abale ake anabwera?"

"Abale ati? Mapepala ake sanapezeke. Anzake ankangomudziwa ndi dzina lachipongwe. Boma linamuika m'manda a anthu osadziwika. Ndiye amati amayendabe m'menemo, akufuna mapepala ake kuti adzipita kwawo. Ena amati amamumva pamasitepe. Ena amati ndi bodza la anthu ofuna kutsitsa lendi."

"Nanga inu mumati bwanji?"

"Ine ndimati theka la mtengo silibwera lokha. Anu mapepala muli nawo?"

Sakhalitsa anagwedeza mutu kuvomera, koma tiyi uja anasiya kukoma.

Usiku umenewo anakwera masitepe pang'onopang'ono, akupumira pa nsanjika iliyonse. Asanachite china chilichonse anapapasa msoko wake wa m'matiresi. Unali bwinobwino, ndipo kabuku kankamveka kulimba m'katimo. Koma nsapato zija panalibe. Pazenera, pambali pa kapu, panali kachidutswa ka kandulo kozimitsidwa, phula litayenderera n'kuuma, ndi kabuledi kamodzi kozungulira, koikidwa mwaulemu papepala loyera.

Anakhala pampando akukayang'ana kabulediko. Mutu wake unali balala. Kodi akufa amapatsa amoyo chakudya? Kapena ndi mwininyumba wamumvera chisoni? Nanga kanduloyo ndi ya chiyani m'nyumba ya magetsi? Anakanunkhiza. Kanali ka tsiku lomwelo, kofewa, konunkhira bwino kuposa buledi wouma wa theka la mtengo amene iye ankagula madzulo sitolo zikamatseka. Anakabwezera. Anagona. Chifuwa chinamveka. Cha m'ma wani koloko mimba inayamba kulira mopikisana ndi chifuwacho, ndipo njala ilibe manyazi: anadzuka mumdima nadya kabuledi konse, mpaka kutola nyenyeswa ndi chala.

"Mwadya?" Mayi wa geni anachita kugwira pakamwa atamva m'mawa mwake. "Bambo inu, mwadya? Munthu wamkulu ndithu, wa imvi, kudya chinthu chosadziwa wakupatsa?"

"Chinali chofewa."

"Chofewa! Ndiye kuti mwavomera. Kudya cha munthu n'kugwirizana naye. Chokaniko kumeneko."

"Ndipite kuti? Ndinalipiriratu mpaka Loweruka."

Tsiku limenelo mzinda sanauone ngakhale anauyenda. Anawoloka mlatho waukulu umene unali pa kalendala uja osazindikira kuti ndi womwewo. Kawiri konse nsanja ya wotchi inamusowa, nazungulira msewu umodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu.

Lachitatu madzulo atatsegula chitseko anamva fungo la kandulo yozimitsidwa kumene. Sanayang'ane pazenera. Anathamangira kumiyendo kwa bedi nakweza nsalu. Msoko wake unali wotumbulidwa, osati mong'amba ayi, koma modula ulusi umodziumodzi, mosamala. Tizidutswa ta ulusi wakuda tinali titaikidwa pamodzi pampando. Analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, natulutsa thonje lokhalokha. M'mphepete mwa chibowocho munali madindo oyera a zala zinayi.

Anatsika masitepe onse aja osadziwa kuti watsika bwanji. Mwininyumba anali kuonera kanema m'chipinda chake. Sakhalitsa analankhula chilankhulo chake, mayiwo chawo. Iye anajambula kabuku m'mwamba ndi zala, naonetsa fotokope, naloza kudenga. Mayiwo anakweza mapewa, naonetsa zikhatho zopanda kanthu. Koma atatchula mawu amodzi okhawo amene onse ankawadziwa, akuti polisi, nkhope ya mayiwo inasintha. Analankhula mofulumira, akugwedeza mutu ndi makiyi omwe, namukankhira kunja n'kutseka chitseko.

Kupolisi akananena chiyani, m'chilankhulo chiti? Kuti munthu wakufa watenga pasipoti yake kuti akawolokere malire? Foni yake sinkagwira m'dzikolo, ndipo simu ya kumeneko anaiona ngati kuwononga ndalama. Mlongo wake, m'bale yekhayo amene anatsala naye, ankangodziwa kuti achimwene apitanso kwinakwake monga mwa masiku onse. Anakhala pabedi usiku wonse getsi lili chiyakire, akuganiza za manda a anthu osadziwika. Umu ndi mmene zimayambira, anatero mumtima. Munthu amayamba wasowa pepala, kenako amasowa dzina.

Lachinayi m'mawa anayesa kukana kutuluka. Anagwira mimba kusonyeza kudwala. Mwininyumba sanamve zimenezo. Anayang'ana wotchi yake kawirikawiri ngati munthu amene mkaka uli pamoto, natenga chikwama cha Sakhalitsa n'kukachiika pamasitepe. Ndiye Sakhalitsa anakaima m'kanjira kopanikiza kaja, kuseri kwa migolo ya zinyalala, maso ali pazenera lake. Pakhomo lalikulu la nyumbayo sankaonapo. Anadikira ola lathunthu mphepo ikumulasa. Wotchi ya pansanja italira seveni, katani ya pazenera lake inagwedera. Panatuluka dzanja, loyera mbee mpaka m'chigongono, nalikoka kataniyo pang'onopang'ono mpaka kutseka.

Anakhala pansi pomwepo, pambali pa zinyalala, munthu amene anadutsa malire a mayiko asanu osaopa kanthu.

Madzulo anabwererabe, pakuti kunja kunali kozizira kuposa mantha, ndiponso ngati pasipotiyo inali kwinakwake, kunali komweko. Anatsala ndi tsiku limodzi lokha. Anagona osavula, nsapato kuphazi, mpeni wodulira zikopa m'dzanja. Getsi analisiya loyaka, koma cha pakati pa usiku magetsi anathima dera lonse. Mdima unagwa ngati chiguduli chonyowa. Mawailesi a m'zipinda za pansi anati zii. Ankamva mtima wake wokha, ndi dontho la madzi kwinakwake m'paipi.

Kenako masitepe. Anayambira kutali, pansi penipeni, olemera, a munthu wotopa. Phazi limodzi linkagunda bwino, linalo linkakhwekhwereza pang'ono chakunja. Sakhalitsa anawerenga osafuna. Makumi atatu. Makumi asanu. Makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Zii. Kupuma kwa munthu kuseri kwa chitseko. Kiyi analowa m'loko, natembenuka mosavuta ngati wa mwini wake.

Anadzikankhira kukhoma, nadzipinda. Chinthucho chinalowa, chinatseka chitseko, chinausa moyo. Chinavula nsapato, imodzi, kenako inzake. Fungo linadzaza chipinda, lotentha, lozuna, limene mphuno yake inalidziwa koma mutu unakana kulitchula. Bedi linalira. Bulangete linakokedwa. Ndipo msana wofunda, waukulu, unakhudza bondo lake.

Onse awiri anauma.

Dzanja linabwera mumdima, linapapasa bondo, phewa, kenako ndevu.

"Mayo ine! Mayi wanga ine, ndafa!"

Chinthucho chinagwa pansi ndi bulangete lomwe, chinagunda mpando, kapu inagubuduka mpaka kukhomo. Si kukuwako kumene kunamuzunguza Sakhalitsa. Chinali chilankhulo. Mzukwawo unalira m'chilankhulo cha mayi ake.

Machesi anakhwatchidwa katatu asanayake. M'kuwala kwa kamoto kaja munaoneka mwamuna wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, wonenepa, tsitsi ndi nsidze zili mbuu, atakhala pansi msana uli kuchitseko. Anakweza kamotoko nayang'ana nkhope ya pabedi. Maso ake anatong'oka. Machesi anagwa n'kuzima.

"Ndi inuyo! Akuluakulu, pepani, ndachita kale zimene mumafuna. Ndawauza kwanu. Ndawaimbira dzulo, Mulungu ndi mboni. Pitani mukapume, musanditenge, ndili ndi ana atatu."

"Iwe ndiwe ndani?" Mawu a Sakhalitsa anatuluka ngati a nkhuku yachitopa.

"Wophika buledi chabe ine. Sindinakulakwireni. Nsapato ija zikomo, mwaisoka bwino kwambiri."

"Ndiwe wamoyo?"

Munthu uja anayankha ndi funso.

"Nanga inuyo?"

"Ine ndimayesa choncho."

Anayatsa kachidutswa ka kandulo kaja. Wophika buledi anayamba wamugwira Sakhalitsa padzanja, nalitsina, naona kuti ndi lofunda. Sakhalitsa anapaka chala pa mkono wa mnzakeyo nalawa. Ufa wa tirigu.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, monong'ona, wina akulowa mnzake m'kamwa. Wophika buledi ankagwira ntchito usiku, kuchoka hafu sikisi madzulo, kubwera seveni m'mawa. Chipindacho ankalipira chonse, mwezi ndi mwezi, akudziwa kuti ndi chake yekha. Lero magetsi atathima uvuni unazima, abwana nawauza kuti azipita.

"Ndiye kuti mayi ajawa akugulitsa bedi langa usiku ine ndikutuluka thukuta? Mfiti yeniyeni ndi imeneyo! N'chifukwa chake amati katundu ndizikhomera m'bokosi, ati kuopa makoswe."

"Khoswe wake ndine," anatero Sakhalitsa.

"Inu musaseke, madala. Ndaonda sabata ino. Ndibwere Lolemba, bedi langa loyalidwa bwino, ine chibadwire sindinayalepo bedi. Lachiwiri, nsapato imene ndimafuna kutaya yasokedwa. Ndinati uyu ndi malemu uja amanenayu, akundilipiriratu kuti ndimutumikire. Ndinamuyatsira kandulo, ndinamuikira buledi kuti mtima wake ugwe. Ndibwere m'mawa, buledi wadyedwa, ndi nyenyeswa zomwe!"

"Anali wofewa."

"Ndiye pogona phazi langa likhudze chinthu cholimba m'matiresi. Ndiyang'ane, ulusi womwe uja wa pa nsapato. Ndinati basi, akundilozera pamene anabisa mapepala. Nditsegule, pasipoti yakwathu, nkhope ndi iyi ndikuionayi."

"Ili kuti?"

Wophika buledi anakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi, nalitsegula ndi kiyi wa m'khosi mwake. Pamwamba pa zovala panali pasipoti, yokulungidwa mu mpango woyera, tikiti ili m'kati momwe. Usiku uwiri wonse Sakhalitsa ankalira chinthu chimene anachigonera. Anaigwira ndi manja awiri, naitsegula, nadziyang'ana pachithunzi nthawi yaitali. Kenako mawu ena amene anawamva mumdima muja anamubwerera.

"Mphwanga, unati waimbira ndani?"

Wophika buledi anayang'ana pansi.

"Patsamba lomaliza munalemba nambala. Ya achemwali anu."

"Unawauza chiyani?"

"Ndinawauza mwaulemu ndithu. Ndinati achimwene anu anatisiya, chifuwa, anaikidwa kale. Anakuwa, foni inagwa, sindinathe kufotokoza kuti ndi za chaka chatha. Tikitiyo sindinaione tsiku lake, madala, ndinali ndi mantha."

Anaimba pa foni ya wophika buledi. Inaitana kanayi. Itayankhidwa, chimene Sakhalitsa anayamba kumva ndi nyimbo, mawu ambiri a amayi oimba motsitsa, mokoka, monga amaimbira anthu amene achezera usiku wachiwiri. Anazindikira mawu a mkazi woyandikana naye nyumba. Si ambiri amene anamvapo nyimbo ya maliro awo.

"Halo?" Mawu a mlongo wake anali osasa.

"Achemwali, ndine."

"Ndani?"

"Ndine, achimwene anu. Sindinafe."

"Aliyense amene muli, Mulungu akukhululukireni. Tili pa chisoni pano."

"Musadule! Ndine amene ndinakuthyolani dzino ndi chitseko muli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, n'kukunyengererani kuti mukanene kuti mwagwa nokha."

Anamva kupuma. Kenako mfuu umene unadula nyimbo ija pakati, mapazi othamanga, mwana akulira, munthu wina akufunsa kuti chachitika n'chiyani. Mlongo wake atabwereranso pa foni anali akulira ndi kukalipa nthawi imodzi.

"Achimwene, ndinu munthu wotani inu? Anthu adzaza pano, akumpingo, akumsika, mipando tabwereka! Ndiwauze chiyani? Mubwere kuno mudzawauze nokha. Ndipo mukafika ndikubisirani nsapato zonse, muone ngati mudzayendenso!"

"Ndikwera Loweruka."

"Mukwere ndithu. Mukapanda kufika, tipitiriza pomwe talekezapa."

Foni itadulidwa, awiriwo anakhala pabedi moyandikana, akuseka mopanda mawu, misozi ikutsika, mapewa akugwedera. Kandulo inali itatsala pang'ono kutha.

"Koma chifuwa chakocho upite nacho kuchipatala," anatero Sakhalitsa akupukuta m'maso. Atangotero anaima. Munthu uyu usiku amakhala ku ntchito.

Wophika buledi anali atasiya kuseka.

"Mumachimvanso? Ine ndimachimva masana. Pano ndimati mwina ndinu."

"Masana ine ndimakhala kumsewu."

Ndipo chinamveka, chakumutu kwa bedi, pafupi kwambiri moti lawi la kandulo linaoneka ngati lagwedera. Kawiri. Zii. Kamodzi.

Sakhalitsa anatambasula dzanja pang'onopang'ono, nakweza mtsamiro, nayamba kupapasa m'mphepete mwa matiresi chakumutu, kumene sanafufuzeko chifikire. Zala za mmisiri zimadziwa msoko wa makina ndi msoko wa manja ngakhale mumdima. Kumbali ya kukhoma kunali msoko wa manja, wokhotakhota, wa ulusi wofiira wosuluka, wa munthu amene sankadziwa kusoka koma anayesetsa. Anaudula ndi mpeni uja, natulutsamo kabuku, pasipoti ina.

Kabukuko kanali konyowa pang'ono, konunkha nkhungu. Pachithunzi panali mwamuna wowonda, wa makutu aakulu, atavala taye yomukulira, akuyesa kubisa kumwetulira. Anali ndi dzina lathunthu, mayina atatu. Patsamba lomaliza panali nambala ya foni, dzina la mudzi, ndi mawu akuti mkazi wanga.

Wophika buledi anapereka foni yake.

"Imbani inuyo, madala. Ine ndapha kale munthu mmodzi sabata ino."

Sakhalitsa anaganiza za nyimbo ija, ndi foni yogwa pansi. Anapukusa mutu.

"Uthenga wotere sapereka pa foni. Mudzi umenewu basi yathu imadutsa pafupi. Nditsika."

Anatenga mpango woyera uja nakulunga mapasipoti awiriwo pamodzi.

Lachisanu lonse anagona m'chipindamo mosinthana, mwininyumba akuyendayenda pansi osalimba mtima kukwera, pakuti wophika buledi anali atamuuza mawu angapo m'mawa amene anamveka mpaka kumsewu. Chifuwa sichinamvekenso, masana kapena usiku.

Loweruka mbandakucha wophika buledi anamuperekeza kokwerera basi, namupatsa thumba la buledi wotentha ndi kalata ya kwa ana ake. Basi sinadzaze. Sakhalitsa anakhala pazenera, mpando wa pambali pake wopanda munthu, naona milatho ija ikutsalira m'mbuyo, nsanja ya wotchi ikuchepa mpaka kusowa. Anayenda tsiku lonse. Usiku dalaivala anazima magetsi a m'kati, anthu anagona, mphepo yozizira ikulowera m'mphepete mwa magalasi.

Pakati pa usiku anadzidzimuka. Anagwira pachifuwa, mpango uja unalipo. Potembenuka kuti agonenso, dzanja lake linagwera pampando wa pambali uja, umene palibe anakhalapo chinyamukire.

Unali wofunda.

Sanalichotse msanga dzanjalo. Kenako anasendeza chikwama chake kuti chisapanikize, nanong'ona kuti, "Khalani bwino, akulu. Tikadali kutali."